Dona ndi Mawu a Pankhope

Ndinali wotsuka zilonda pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, masiku amene mlatho wa pa Zambezi unali usanamangidwe. Makolo anga anali Alomwe. Anawoloka Ruo kuthawa Apwitikizi ine ndili kumsana, ndipo anapatsidwa malo pa esiteti yomweyo, malipiro ake thangata, ntchito yogwirira mwini malo. Ine ndinachita mwayi wa sukulu ya mishoni, kenako ndinakaphunzira kumanga mabala ndi kugawa kwinini kuchipatala cha komweko. Chingerezi changa ndinachitola m'chipatalamo, n'chifukwa chake ndinkadziwa bwino mawu a thupi la munthu kuposa mawu a zinthu zina. Nditabwerera ku esiteti ndinakwatira, ndipo anandipatsa kachipatala ka udzu kuseri kwa fakitale.

Bwana wa esitetiyo anali Mngerezi wamtali, wofiira khosi, wosalankhulalankhula. Anthu sankadikira kuti atsegule pakamwa. Akangosonkhanitsa nsidze, akapitawo ankayamba kuthamanga ndi zikoti, ndipo amayi othyola tiyi ankaweramira m'madengu mwawo. Ndi iye analamula kuti nyumba ya amalume anga igwetsedwe chaka chimene anadwala chifuwa n'kulephera thangata.

Mkazi wake, amene tonse tinkamutcha Dona, anali Mfalansa. Bwana anakamupeza kwawoko nthawi ya nkhondo ya Jeremani, ndipo m'nyumba mwawo ankalankhulana Chifalansa chokhachokha. Chingerezi cha Dona chinali chopereweza kwambiri, Chinyanja chake chinali cha kukhichini: bweretsa, chotsa, madzi otentha. Madona a maesiteti ena anasiya kumuyendera chifukwa akabwera ankangoyang'anizana. Analibe mwana. Munthu wolankhula naye m'dziko lonse lino anali mmodzi yekha, mwamuna wakeyo.

Tsiku lina m'nyengo yotentha, mvula isanayambe, bwana anagwa pakati pa mizere ya tiyi. Anamunyamula pamachila. Pamene ndinkafika kunyumba kwake, mbali yonse yakumanja inali itafa, pakamwa patakhotera kumodzi, ndipo mawu anali atatha. Maso okha ndi amene ankayenda.

Dokotala wachizungu anabwera kuchokera kuboma pa njinga yamoto. Atamupima anayamba kufunsa Dona mafunso. Kodi akumaphethira maso onse awiri? Kodi mukamutsina akumakwinya nkhope? Kodi mukamufunsa kanthu akumavomera ndi mutu? Dona anangoima, manja ali pachifuwa, kuyang'ana pakamwa pa dokotala. Sanamve ngakhale limodzi. Dokotala anatembenukira kwa ine n'kunena kuti kuyambira tsiku limenelo ndizikhala kunyumba ya bwana usana wonse, ndizimutembenuza kuti asatuluke zilonda, ndizimusambitsa ndi kumumwetsa phala. Anati iye azibwera sabata iliyonse, ndipo akufuna azimva zonse zimene nkhope ya wodwalayo yachita.

Dokotala atapita, Dona ananditsatira pakhonde pamene ndinkasamba m'manja.

"Iwe," anatero, "dokotala anena chiyani? Blink, chiyani?"

Ndinaphethira maso. Anandiyang'ana, nayenso anaphethira, n'kubwereza liwulo pang'onopang'ono ngati akulawa mankhwala owawa.

"China?"

"Frown, Dona." Ndinachita tsinya.

Anatchula liwu la Chifalansa, lalitali, lotulukira m'mphuno, n'kuloza pamphumi pake. Kenako anati, "Mawa uphunzitsa ine. Zonse. Ine ndifuna kuuza dokotala ndekha."

Umu ndi mmene sukulu yathu inayambira. Bwana akagona masana, tinkakhala pakhonde, iye pampando, ine pansi pamasitepe. Analibe buku lililonse lothandiza. Ankachita chinthu ndi nkhope kapena manja, ine n'kumuuza dzina lake m'Chingerezi. Akayasamula ndinkati yawn. Akatong'ola maso osaphethira ndinkati stare. Akadzidzimuka n'kukwinya mbali ya nkhope ngati wabayidwa ndi minga ndinkati wince, liwu limene ndinalimva kawirikawiri kuchipatala cha mishoni pochotsa matekenya. Lilime lake linkakana zilembo zina, ndipo ena mwa mawuwo ankatuluka ngati akutsuka kukhosi. Akalephera ankadzimenya pabondo n'kuyambiranso.

Panali chinthu chimodzi chimene iye ankachita kawirikawiri osadziwa: kukweza mapewa, kutambasula zikhato n'kutulutsa mlomo wam'munsi. Ndinamuuza kuti Angerezi amati shrug, koma kwathu kuno mwana akachitira zimenezo munthu wamkulu amalawa mbama. Anadabwa kwambiri. Ndinamuuzanso kuti akamakodola wantchito ndi chala chimodzi cholozetsa kumwamba, anthu amadandaula kukhichini kuti akuitanidwa ngati agalu; kuno timakodola ndi dzanja lonse, chikhato chitayang'ana pansi. Nkhope yake inafiira. Sanapepese, koma sindinamuonenso akuchita zimenezo.

Nayenso anandifunsa zina zimene ndinalibe nazo yankho. Anati kodi mkazi wochapa zovala akamakoka mpweya m'mano n'kutulutsa kaphokoso, chimenecho ndi chiyani? Ndinati ndi kutsonya, ndipo m'Chingerezi sindinamvepo dzina lake. Anafuna kudziwa tanthauzo. Ndinamuuza kuti munthuyo wakwiya koma alibe poyankhulira. Anayesa kutsonya, zinamukanika, malovu anadontha, ndipo anaseka. Nthawi yonse imene ndinakhala panyumba paja, ndi tsiku lokhalo limene ndinamumva akuseka.

Mawu awiri amene tinalimbikira kwambiri anali nod ndi shake, chifukwa bwana anatsala ndi njira imodzi yokha yoyankhira. Akavomera ankagwetsa chibwano pang'ono, ndiye nod. Akakana ankapukusa mutu papilo, ndiye shake. Dona anawagwira mawu amenewa msanga, ndipo dokotala atabweranso anamufotokozera yekha, monyada ngati mwana wa sukulu, kuti mwamuna wake anachita nod atamufunsa za tiyi, anachita shake atamufunsa za phala, anachita wince atamutembenuza.

Kunyumba kwanga nkhani imeneyi sinkakoma. Mkazi wanga ankandilandira madzulo osandiyang'ana kumaso.

"Abambo, manja amenewa mwatsukira munthu amene anagwetsa nyumba ya amalume anu. Ndiye mudyere m'mbale imodzi ndi ana?"

"Ndi ntchito, mayi."

"Kumalaini anthu akuti Mulungu wamutseka pakamwa, inu mukumutsegula."

Zoona zake n'zakuti ndikamutembenuza bwana, thupi lake lolemera lili m'manja mwanga, maso ake akundithawa ndi manyazi, sindinkadziwa kuti ndimve chiyani. Tsiku lina ndinamupeza atadziipitsira. Ndikumupukuta, misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope yake, mbali yamoyo ija. Ndinakumbukira amalume anga atakhala pamulu wa dothi ndi udzu, akutsokomola. Ndinamaliza kumupukuta n'kumufunditsa.

Mvula inayamba, tiyi anaphuka, koma bwana sanasinthe. Eni kampani anatumiza mzungu wina wachinyamata kudzayang'anira ntchito, ndipo anayamba kuyendera nyumba ija n'kumayang'ana denga ndi mazenera ngati munthu amene akudikira kulowamo. Dona anaonda. Ankakhala pambali pa bedi kulankhula Chifalansa kwa nthawi yaitali, bwana akungomuyang'ana.

Ndiye dokotala anabwera ndi nkhani. Anati pali njira ziwiri. Wodwalayo angathe kukhala kuno, m'kanyumba kena ka kampani, mpaka mmene Mulungu afunire. Kapena angathe kupita kwawo ku Ulaya, pasitima yapamtunda mpaka ku Beira, kenako sitima yapamadzi. Koma anachenjeza kuti kuchigwa kukutentha koopsa ndipo ulendowo ungamuphe. Anati sangalembe chilolezo ngati mwini wakeyo sakufuna. Anauza Dona kuti amufunse bwinobwino m'chilankhulo chawo, iye apita kaye kufakitale kukaona mnyamata amene makina anamudula zala.

Ine ndinali m'chipindamo, ndikupinda nsalu. Dona anagwada pambali pa bedi n'kulankhula motsitsa. Sindinamve mawu ake, koma ndinamva dzina la Beira ndi la Falansa. Bwana anapukusa mutu. Dona analankhulanso atamugwira dzanja lamoyo lija. Bwana anapukusanso mutu, mwamphamvu, mpaka pilo anasuntha, ndipo maso ake anapita pazenera pamene pankaoneka minda ya tiyi.

Dokotala atabwerako anafunsa kuti wayankha bwanji. Dona anaimirira, anakonza diresi lake, n'kunena momveka bwino kuti, "He nod."

Dokotala anayang'ana kwa ine. "Iwe unalipo?"

Munthu wakuda sankatsutsa mkazi wachizungu masiku amenewo, koma wodwalayo anali wanga.

"Ndinalipo, bwana dokotala. Anapukusa mutu. Anakana."

Dona sanandiyang'ane. Anabwereza mawu ake omwe aja. Dokotala anapita pabedi n'kumufunsa bwana m'Chingerezi, koma bwana anali atatopa, atatseka maso, ndipo mutu wake sunasunthe. Dokotala anaima kanthawi akusisita chibwano. Kenako anandiuza kuti ndituluke, ndikadikire panja. Atatuluka anati chilolezo walemba, ndipo ine ndidzawaperekeza mpaka ku Zambezi.

Tinanyamuka m'mawa wina kukuwaza kamvula. Galimoto ya kampani inatisiya pa siteshoni ya Luchenza. Anthu a kumalaini sanabwere kudzatsanzika. Ochepa amene tinakumana nawo pamsewu anangoima ndi madengu awo kutiyang'ana. Pomukweza m'sitima bwana anandigwira malaya ndi dzanja lake lamanzere, osafuna kusiya, mpaka ndinachita kumumasula zala chimodzichimodzi.

Sitima itatsika mapiri, kamphepo ka kwathu kanatha. Kuchigwa kunali ngati mu uvuni wowotchera tiyi. Anandilola kukhala m'chipinda cha azungu chifukwa cha wodwalayo, ndipo ndinkamunyowetsa nkhope ndi kansalu, Dona akumukupiza. Kuyambira tsiku la dokotala lija Dona anali asanandilankhule. Titadutsa Chiromo, kupuma kwa bwana kunasintha, kunayamba kukoka ngati munthu wokwera phiri. Ndinadziwa.

"Dona, gwirani dzanja lawo."

Anagwira. Patapita kanthawi anati, osatembenuka, "Iwe uganiza ine ndinasokoneza mawu?"

"Iyayi, Dona."

"Ine ndidziwa nod. Ndidziwa shake. Iwe unaphunzitsa bwino." Anapukuta thukuta pamphumi pa mwamuna wake. "Iye afa kuno, ine nditsala ndi ndani? Ndilankhula ndi ndani?"

Ndinanyowetsanso kansalu kaja. Bwana anamwalira dzuwa likupendeka, tisanafike ku Nsanje, kumene masiku amenewo azungu ankakutcha Port Herald. Ndinamutseka maso, ndinamanga chibwano chake ndi bandeji monga anatiphunzitsira kumishoni. Pakamwa pake panakana kuwongoka.

Anamuika m'manda mawa lake komweko, chifukwa kutentha sikunkalola kudikira. Panali azungu ochepa a paboma, osamudziwa, ndi akaidi amene anakumba dzenje. Dona sanalire. Mwambo utatha anandipatsa chikwama cha mankhwala kuti ndikabweze kwa dokotala, anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena kanthu, koma mkazi wa mzungu wina anamugwira mkono n'kumutenga. Anapitiriza ulendo wake pasitima yotsatira. Sindinamvenso za iye, kaya anafika kwawo kaya ayi.

Ine ndinabwerera pasitima ya katundu, nditakhala pamatumba a mchere. Ndinayenda pansi kuchokera ku Luchenza, mvula ikundimenya njira yonse.

Nthawi yonse imene ndinali kunyumba ya bwana, kachipatala kanga kanali kotseka, ndipo palibe anaganiza zoikapo munthu wina. M'mawa mwake nditatsegula chitseko ndinapeza chiswe chitadya mashelefu, ndipo panja anthu anali atandandalika kale pansi pa mtengo wa bulugamu. Woyamba kulowa anali mayi wina wothyola tiyi, Mlomwe mnzanga, ataberekedwa ndi mlongo wake. Mwezi umene bwana anagwa, mayiyu anali ndi kachilonda kakang'ono pakakolo, kongofuna kutsuka ndi kumanga. Nditamasula masanza amene anakulungapo, fungo linadzaza chipinda, ndipo fupa linkaoneka.

"Achimwene, munapita kuti?" anandifunsa m'Chilomwe, mosakwiya n'komwe.

Ndinatereka madzi pamoto, ndinatsuka chilondacho mmene ndikanathera, n'kupempha bwana watsopano uja machila oti amutengere kuchipatala cha kuboma. Anati anthu onse ali m'munda, tiyi sadikira, ndidikire Loweruka. Loweruka tinamunyamula ine ndi mlongo wake ndi amuna ena awiri a kutchalitchi kwathu. Kubomako anamudula mwendo, ndipo anamwalira sabata yotsatira.