Dzenje la Njerwa ku Kande

Aphunzitsi opuma a ku Kande salola munthu kusokoneza mawu a Chingerezi. Kwa iwo "puddle" ndi kachithaphwi kodumpha nkhuku, pomwe "pond" ndi thamanda lomiza munthu. Ukalakwitsa amagogoda ndodo pansi, amvekere, "Bwerezani!"

Chaka chatha mvula inadzaza dzenje loumbira njerwa panjira ya ana asukulu. Mtisunge, mlangizi wa zaumoyo wochokera ku Dedza, analemba "puddle" m'lipoti lake.

"Mayi, a boma akawerenga zimenezo sabwera kudzakwirira," anatero aphunzitsiwo ataona lipotilo, awiriwo ataima pambali pa dzenjelo.

"Ndi mawu chabe, bambo."

Iwo anangovula nsapato n'kulowamo. Madzi anafika m'mawondo, m'chiuno, kenako m'khosi. Mtisunge anakuwa. Aphunzitsiwo, chibwano chili m'madzi, anamuyang'anitsitsa.

"Bwerezani!"