Bedi Lomwe Ndinakaniza

Inu owerenga, zaka zapita zambiri, koma lero ndikuvomera: ndinakaniza bedi la m'chipatala kwa munthu amene ankalisowa kuposa bambo anga.

Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, ndipo ine ndinali mlembi wa nthambi yake kwathu kwa Magodi. Ng'ombe yolimira inabaya bambo pantchafu, ndiye ndinawatengera kuchipatala cha pa boma. Wodi ya amuna inali yodzaza, moti ena ankagona pamphasa kunsi kwa mabedi a anzawo.

Boma linali litalamula kuti wodwala akayamba kupeza bwino azituluka, akamalizire chithandizo kukiliniki yakwawo, kuti mabedi azipezeka. Patatha milungu iwiri, sisitala woyang'anira wodiyo anandiuza kuti bala lauma, kumanga kotsalako angathe ndi a kukiliniki kwathu. Ine ndinaona ngati chipongwe. Anthu kumudzi akati chiyani, bambo a mlembi atulutsidwa akutsimphina? Ndinatulutsa khadi la chipani, n'kumufunsa dzina lake, cholembera chili m'manja. Sanalimbane nane. Bedi linakhala lathu.

Kunsi kwa bedilo kunkagona mlimi wa fodya wa kwa Mphamba, wodwala chibayo. Inali nyengo yozizira, ndipo simenti siimva chisoni. Bambo anamupatsa bulangete lawo limodzi, namacheza naye m'Chitumbuka za mvula ndi msipu. Iye ankaseka uku akutsokomola: "Mdala, potsika muziona, musandiponde ngati ng'ombe yanu ija."

Tsiku lina bambo anandikoka mkono. "Mwana wane, ine ndachira. Mnzangayu akwere pano."

"Dada, gonani. Nkhaniyi ndinathana nayo kale," ndinatero.

Patapita masiku atatu ndinafika masana nditanyamula nthochi. Mphasa ija inali itapindidwa. Mkazi wa mlimiyo anali pakhonde, atafunda chitenje kumutu, akulira chamumtima. Bambo ndinawapeza ataima pafupi ndi bedi, atavala jekete, ndodo ili m'manja. Anakana kukhalaponso. Tsiku lomwelo tinabwerera kwathu.

Sindikudziwa ngati bedi likanamupulumutsa munthu uja, ndipo sisitala sanandiimbe mlandu. Koma chimene ndikudziwa n'choti bala la bambo linapolera kukiliniki, mtunda woyenda ndi njinga kuchokera pakhomo, monga momwe sisitala uja ananenera.

Inu owerenga, achipatala akakuuzani kuti mbale wanu akamalizire kuchira kunyumba, si kuti amunyoza. Musathamangire kutchula udindo wanu kapena anthu amene mumawadziwa. Yambani mwawerama, muone amene wagona pansi. Ine sindinawerame, ndipo ngakhale dzina la munthuyo sindinalifunse. Ndinafunsa la sisitala.