Ndodo ya kasanza kofiira

Ntchito ija ndinaipezera pa maloboti a ku Brakpan, kuno ku Joni, pomwe timaima m'mawa kudikira maganyu. Galimoto inaima, kapitawo anatiyang'ana tonse n'kuloza ine chifukwa cha msinkhu. Anandipatsa ndodo yaitali ya pulasitiki, kunsonga atamangako kasanza kofiira.

Akuti akuluakulu a mzinda ankafuna kubwezeretsa mabasi osanja, aja okhala ndi mipando pansi ndi pamwamba, omwe anasiya kuyenda kalekale. M'zaka zonsezo mitengo inatambalala, anthu anakoka mawaya mmene akufunira. Ndiye pankafunika munthu woyenda pansi kuchoka ku Brakpan mpaka ku Tsakane, ndodo ili chilili. Kasanzako ndiye kanali denga la basi. Chilichonse chikakhudza kasanza, kapitawo ankapopera mtanda wofiira pamtengo kapena papholo, odula n'kubwera pambuyo.

Sabata yoyamba zinali nthambi zokhazokha, ndipo ndinkadzimva ngati munthu. Ine sukulu ndinasiyira Sitandade 7 nditaswa mlomo wa mwana wa ahedi, koma apa mzinda wonse unkayezedwa ndi dzanja langa. Chinandisowetsa mtendere n'chakuti msewu umene tinkayezawo unkapita kwathu.

Ku Tsakane ndinkakhala m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachikulire wodwala shuga. Mankhwala awo ankasunga mufiriji. Chaka chomwe anyamata ankayenda khomo ndi khomo kusaka alendo, mayiwa anaima pageti ndi tsache n'kunena kuti muno muli mwana wanga, pitani. Kuyambira tsiku limenelo mumsewu wathu ankangonditchula kuti Malawi, ndipo palibe ankandigwira. Malo oterowo ku Joni sugula m'sitolo.

Koma magetsi a firijiyo, ndi a mzere wonse wa nyumba zathu, ankabwera pa waya umodzi wokokedwa mwakuba kuchoka papholo la tsidya lina, kudutsa pamwamba pa msewu waukulu. Okoka mawaya otere kuno amawatcha zinyoka. Wa m'dera lathu anali bambo wamfupi wa zala zopserera. Waya wakewo unali wolendewera pakati, malo osupuka atakulungapo mapepala a buledi.

Tinafikapo Lachisanu masana. Anthu anali atatuluka m'mipanda, madalaivala a takisi atatsamira galimoto zawo, onse maso pa kasanza. Palibe anandipatsa moni. Ndinaona ndili patali kuti wayawo uli m'munsi mwa kasanza ndi mkono wathunthu. Kapitawo ankakangana ndi mkazi wake pafoni. Ndinapendeketsa ndodo ngati yandilemera, n'kudutsa.

"Palibe kanthu pamenepo, Malawi?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Palibe, bwana."

Loweruka lonse waya uja sunandichoke m'mutu. Ndinkangoona galasi lakutsogolo la pamwamba pa basi, anthu atakhala kuseri kwake, waya uli pakhosi pawo. Lamlungu nditachoka kutchalitchi ndinapita kotsukira galimoto komwe bambo wa zala zopserera ankamwera ndi anzake. Ndinayamba mwaulemu, Mulungu ndi mboni.

"Bambo, waya uja mungaukwezeko pang'ono? Basi yoyesera ikubwera Lachiwiri."

"Basi iti? Imeneyo sifika n'komwe kuno, a matakisi aiwotcha," anatero, anzake n'kuseka. "Iwe Malawi, wayamba liti kudziwa za magetsi? Kwanu si mumayatsa mwezi?"

"Ukola anthu, bambo."

"Ndiye ukawauze akwere pansi. Kapena ndodo ija yakupatsa udindo, mfana? Mawa tikuona utavala tayi."

Mtima wanga ndi wapachala, ndimaudziwa, koma ukanyamuka sundifunsa. Ndinamenya theche kireti yomwe anaikapo mabotolo, n'kukuwa msewu wonse ukumva: "Waya wanu wolawo ndinauona! Uli m'munsi mwa kasanza! Ndikanafuna bwenzi pholo lija lili ndi mtanda, nonsenu mukuphikira makatoni!"

Kuseka kunatha. Mowa unkayenderera kulowa mungalande, palibe anauyang'ana. Mmodzi wa madalaivala a takisi omwe anali pomwepo anangoti chapansipansi, "Mpimpi." Ndi dzina la munthu wokaneneza anzake kwa akuluakulu, ndipo kuno munthu salisenza nthawi yaitali.

Lachiwiri m'mawa basi inabweradi, galimoto ya apolisi ili patsogolo, ife tili pambuyo m'galimoto ya kapitawo. Inali yaitali kuposa mmene ndinkaganizira, ikuyenda pang'onopang'ono ngati maliro, mthunzi wake ukukwera m'makoma. Pamwamba kutsogolo kunakhala mabwana ovala majekete owala. Anthu anandanda mbali zonse, opanda wokuwa, opanda wowomba m'manja. Wayawo unali pomwe paja. Bambo wa zala zopserera uja sanaukhudze.

Sindikumbukira kuti ndinaganiza. Ndinalumpha m'galimoto, ndodo m'manja, kuthamanga kuipitirira basi, kapitawo akunditukwana kumbuyo. Ndinakola wayawo ndi nsonga n'kuukankhira m'mwamba, nditaima chonyang'ama m'mphepete mwa msewu. Unathetheka, kasanza kanayamba kufuka, fungo la pulasitiki wopsa linandilowa m'mphuno. Basi inadutsa pansi pake, denga likukhula pang'ono. Mayi wina wa pamwamba anandiyang'ana m'maso, kenako anatsatira wayawo ndi maso mpaka kuseri kwa mipanda. Kuchokera pamwambapo zonse zimaoneka: mawaya oyanga pamadenga ngati mphonda, zipinda zathu zobisika, chilichonse. Anatulutsa foni n'kuyamba kujambula.

Kapitawo anandilanda ndodo pomwepo, ati ndinamunamiza. Lachinayi kunabwera galimoto za makwerero ndi apolisi, anadula waya uliwonse m'dera lonse n'kuukulunga. Palibe anafunsa kuti anajambula ndani. Onse anaona Malawi ataimika ndodo, akuwalozera mabwana.

M'mawa mwake ndinapeza mtanda wofiira pachitseko changa, penti isanaume. Mayi a nyumba anali atakhala pakhonde, firiji ili yotsegula, madzi akudontha pansi, mabotolo a mankhwala atawaika m'mbale ya madzi.

"Mama, waya uja ndikanausiya ukanapha anthu."

"Ndikudziwa, mwanangu. Ndinaona." Anapukuta kabotolo kamodzi ndi nsalu. "Koma ulendo uno pageti sindiimapo. Miyendo yatupa, ndipo sandimveranso."

Ndinalongedza chikwama chimodzi, bulangeti ndinalisiya. Ndinaimbira mnzanga wa kumudzi wogwira ntchito ku Alrode, anati bwera ugone pansi. Mpaka lero ndili komweko, ndipo ku Tsakane sindinapondekonso.

Koma tsikulo njira yotulukira inali imodzi yokha. Basi yosanja inali isanayambe kunyamula anthu. Ndinayenda msewu wonse dzuwa likuswa mtengo, makatani akugwedezeka m'mawindo, mpaka pokwerera takisi. Yomwe inali pamzere inali ya dalaivala uja ananditcha mpimpi kotsukira galimoto. Anayang'ana chikwama, anandiyang'ana ine, n'kutsitsa munthu amene anali kutsogolo.

"Khala apa, Malawi," anatero akutsegula chitseko. "Pafupi ndi ine. Paja umakonda kuona njira."