Makina Osokela Amene Anadutsa Malile Kawili

Ndikukumbukila nthawi imene Chitaganya chinali chitangotha, Zambia ndi Malawi aliyense atakweza mbendela yake. Atate, amene anachokela ku Malawi n'kudzakwatila kwathu kwa Kalindawalo, nkhaniyi anaimva mwa njila yawoyawo: maiko akasiyana, wapolisi wa ku Petauke sangakugwile ukangodutsa malile. M'mawa wina amai ali kumunda kokumba nshawa, atate anamasula mutu wa makina osokela, n'kuukulunga m'bulangeti, n'kukakwela basi yopita kum'mawa. M'nyumba munatsala miyendo yachitsulo yokha.

Makinawo anali a amai, ndipo ndiwo ankatidyetsa. Ine ndi amai tinayenda wapansi mpaka ku boma. Ofesi ya apolisi inkanunkha polishi wa nsapato ndi inki, ndipo sajeni, a Mumba, anatiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Amai, mwataya mwamuna kapena makina?"

"Makina, bambo. Mwamunayo sindinachite kugula."

A Mumba anafotokoza kuti maboma awiliwa anagawana asilikali, ndege ndi masitampa, koma anapangana kuti wakuba asamapume mbali iliyonse. Kalata ikanapita kwa apolisi a ku Malawi. Vuto linali chizindikilo, pakuti makina onse ndi akuda, ndipo amai analibe lisiti. Cholembela chinaikidwa pansi.

Ine, wa zaka zisanu ndi zitatu, ndinakweza dzanja ngati m'kalasi. Miyezi iwili m'mbuyomo ndinali nditalemba ELINA ndi msomali kunsi kwa makinawo, ndipo amai anandikwapula ndi lamba wachikopa wa makina omwewo, mwakuti masiku atatu ndinkakhalila thako limodzi. A Mumba analemba zonse, ndi za thako zomwe.

Mwezi unatha amai akusoka ndi singano yamanja, zala zitachita matuza. Kenaka a Mumba anatiitana. Apolisi a ku Malawi anali atawagwila atate n'kupeleka katundu pa malile, koma mbali zonse ziwili zinakana kumunyamula, poti pangano silinanene wonyamula. Anamusenzetsa wakubayo. Atate analowa makina ali paphewa, thukuta lili kamukamu. A Mumba anatembenuza makinawo, n'kuwelenga dzina langa mokweza.

"Timutsekele, amai?"

"Ayambe wakamanga mutuwu pa miyendo yake. Sipanala anapita nayo ndi iyeyu."

Anakamanga, ndipo kumangako sikunathe mpaka imfa yawo. Atate akayamba kukamba zandale pa chakudya, amai ankangofunsa kuti, "Malile aja akadalipo?"

Lelo nduna za maiko awiliwa zimakumana m'mahotela, kusaina mapangano a chitetezo ndi kujambulitsa zikugwilana chanza. Njinga ya mdzukulu wanga inabedwa ku Nyimba, nambala yake ili mufoni, koma mpaka pano zii. Makina aja ali kwanga, dzina likuonekabe. Za lamba uja amai sanapepese. Anangondisokela dilesi ya matumba awili.