Kalata imene inasowa mwini pakati pa Mitundu ndi Nathenje

Zipani zitangochuluka m'dziko muno, kampani yathu yogula mtedza inabweretsa imelo. Maofesi athu anali awiri, ku Mitundu ndi ku Nathenje, koma dzina la kumapeto kwa adiresi linali limodzi. Ine, kalaliki wa ku Mitundu, zinandizunguza mutu. Ndinafunsa katswiri amene anadzalumikiza makinawo kuti kalata izidziwa bwanji kolowera.

"Kompyuta yanuyi ili ndi mayina a anthu a pano," anatero iwo. "Ikapanda kumudziwa munthu, izitumiza kalatayo ku Nathenje. Ya kumeneko ndaiuzanso chimodzimodzi."

Zinayenda bwino mpaka tsiku limene wogula wina analembera mayi amene anali atasiya ntchito. Kompyuta yathu inakankhira kalatayo ku Nathenje, ya ku Nathenje n'kuibweza. Inangokhalira kupita ndi kubwera, foni ya mu ofesi osagwirika tsiku lonse, poti imelo inkadutsa pa waya wa foni womwewo.

Katswiri uja atafika anagwira pakamwa. Anali ataiwala kuphunzitsa kompyuta ngakhale imodzi kunena kuti munthuyu kulibe.

Ine ndinaseka ndekha. Kwathu mlendo akafunsa munthu amene sitikumudziwa, sitimuuza kuti kulibe. Timamulozera khomo lotsatira mwaulemu wonse, iye n'kuyenda mpaka nsapato kutha.