Chingwe cha ku Chimbudzi

Chingwe chija ndinamasula ndine, ndipo ndikakumbukira ndimadzinyansa ndekha.

Bambo anga atadwala sitiroko, mwendo wamanzere unkangokokera. Iwo okha anapota maneti akale a udzudzu, n'kumanga chingwe kuchoka pakhonde, kudzera pamtengo wa pichesi, mpaka kuchimbudzi. Akachigwira ankapita okha, osavutitsa munthu.

Kenaka tinamva kuti kwathu ku Biriwiri kukubwera anthu a mayunivesite awiri, ya konkuno ndi ina yakunja, kudzafufuza momwe anthu olumala amayendera pakhomo. Manyazi anandigwira. Alendo ophunzira aone chinsanza chakuda bii cholozera kuchimbudzi? M'mawa mwake ndinachimasula, n'kuchikwirira m'dengu la mbatata, pabwalo n'kusesa mbee.

Alendowo atafika, mayi wa mafizo amene anabwera nawo anati, "Agogo, tationetsani momwe mumapitira kuchimbudzi."

Bambo anaimirira, dzanja likufufuza m'malere. Anandiyang'ana. Ine maso anali pa nkhuku, ngati sindinaionepo nkhuku chibadwire. Anakhalanso pansi, mayiyo n'kulemba kuti sangayende popanda wowagwira. Khama la bambo la miyezi yonse ija linathera pamenepo.

Alendowo anakambirana m'Chingerezi mpaka dzuwa kutipeza pamthunzi. Pomaliza anatilangiza kuti tiyese kumanga chingwe kuchoka pakhonde mpaka kuchimbudzi. Ndinawomba m'manja kuthokoza. Ndinafunsanso kuti chikhale chotalika bwanji.

Galimoto itachoka, bambo anati, "Iwe, nzeru za kuyunivesite zija wazibisa m'dengu liti? Katenge, ndapanikizika."