Mkuyu Wamphongo wa Ammi Lazhar

Ammi Lazhar (Ammi ndi mawu aulemu oitanira bambo wachikulire kwathu kuno) anayendetsa minibasi zaka makumi atatu pakati pa mudzi wathu ndi tauni ya Beja, ndipo ankadziwa dzenje lililonse la mumsewumo. Koma za mitengo anali mbuli yotheratu. M'mudzi umene khomo lililonse limatama nkhuyu zake, chilichonse chimene iwo ankadzala chinkauma. Ngakhale timbewu tonunkhira tothira mu tiyi, timene timamera ndi pamwala pomwe, tinawakana. Ine Habiba ndimakhala kuseri kwa khoma lawo, ndiye sindikunena zongomva.

Chaka chimene anapuma pantchito, m'mawa wina ndinamva akukuwa:

"Mabrouka! Tuluka udzaone, ndadzala mtengo!"

Akazi awo, amene mwaulemu timawatchula Khalti Mabrouka, anatuluka manja ali mbuu ndi ufa. Inenso ndinasuzumira pakhoma, poti za eni sizindidutsa. M'mbali mwa chitsime chawo chosungira madzi a mvula munali kamkuyu ka masamba atatu.

"Mwadzala inu kapena mbalame yadzithandiza pamenepo?" anafunsa Khalti. "Zulani msanga. Mizu ikang'amba chitsimechi tizidzamwa chiyani?"

Khalti sankanama, mizu ya mkuyu ndi yamwano. Koma Ammi anali atayamba kale kukazinga ndi miyala.

"Kabwera kokha aka. Mlendo sapirikitsidwa asanamwe madzi."

Anakangana mpaka mkate kupserera. Mapeto ake anagwirizana kuti adikire mtengowo ubereke. Nkhuyu zikadzakoma udzakhala, zikadzapanda kukoma udzadulidwa.

Zaka zinayi Ammi anaulera. Ankauthira masamba a tiyi otsala, ankathamangitsa mbuzi ndi nsapato, ndipo kumalo omwera khofi ankasimba za nthambi zake momwe anzawo ankasimbira za adzukulu. Iwo ndi Khalti analibe mwana. Nkhaniyi sitinkaitchula, ngakhale amene anathamangitsira theka la amayi a m'mudzi muno kuchipatala kukabereka anali Ammi omwewo. Mwana wanga Moncef anangotsala pang'ono kubadwira pampando wakumbuyo wa minibasi ija.

Chaka chachinayi, mu Juni, mtengo unadzaza zipatso. Ammi anavala malaya awo opitira kumzikiti Lachisanu, anawiritsa tiyi, n'kuitana makomo onse asanu a mumsewu mwathu. Anathyola nkhuyu yaikulu n'kuing'amba pamaso pathu. Mkati munali mouma gwa, ndipo munkatuluka tizilombo takuda touluka.

Mulungu andikhululukire, woyamba kuseka ndinali ine.

"Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere! Ammi, uwu ndi wamphongo. Zaka zinayi mwakhala mukuweta tonde n'kumadikira mkaka!"

Anthu anagwa nako kuseka. Ammi anayesa kuseka nawo, koma anangofumbata nkhuyu ija m'dzanja n'kuyang'ana pansi. Madzulo Khalti anadzabwereka sowo yanga, ati Loweruka mtengo ugwe.

Nyengo imeneyo ndi imene timapita kukhwawa la kuseri kwa phiri kukathyola nkhuyu zamphongo. Timazitunga pa ulusi ngati mikanda n'kuzikoleka m'mikuyu yathu, kuti tizilombo tija tilowe m'zipatso zanthete. Popanda zimenezo, nkhuyu zimayoyoka zisanapse. Loweruka m'mamawa ndinatsika ndi dengu langa, maola awiri apansi. Ndinapeza matalala a mwezi wathawo atakwapula khwawa lonse. Panalibe ndi imodzi yomwe.

Pobwerera ndinathamanga, ine amene ndimadandaula mawondo tsiku lililonse. Ndinapeza Khalti atagwada patsinde, sowo ili m'manja. Ammi anali atakhala pampando chofulatira mtengowo.

"Khalti, dikirani! Kukhwawa kulibe kanthu. Tipatseniko za mumtengomu."

Khalti anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ziti? Za tonde uja? Iwe Habiba, si unaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi wathu yemwe?"

"Ndinalakwa, Khalti. Pakamwa pangapa mukupadziwa."

"Usapepese ine. Mwini mtengo ndi uyo."

Manyazi anandigwira, koma nkhuyu za chaka chonse sizisinthanitsidwa ndi manyazi. Ndinapita kukaima pamaso pa Ammi. Sanandilole n'komwe kumaliza.

"Ndiye kuti ali ndi ntchito?" anafunsa motsitsa mawu. Kenako anadzuka ngati mnyamata. "Mabrouka, taya sowoyo, bweretsa singano!"

Khalti anang'ung'udza kuti chitsime chikadzang'ambika madzi azikatunga kwa ine, koma amene anatunga mikanda yambiri tsikulo anali iwo omwe. Ammi anazungulira makomo asanu ndi makwerero paphewa, n'kumatilangiza kakolekedwe kake, ife amene tinabadwira pansi pa mikuyu. Tinangowasiya.

Mu Ogasiti mitengo yathu inalemera mpaka kufuna mphanda. Popanda kupangana, khomo lililonse linatumiza dengu loyamba kwa Ammi. Ine ndinafika komalizira, n'kupeza madengu anayi atandandalikidwa pansi pa mkuyu uja, Ammi atangoima kukamwa kuli yasa.

Khalti anasankha nkhuyu yakupsa kwambiri, anaisenda bwinobwino, n'kuwapatsa m'manja.

"Idyani, Lazhar. Ana a mtengo wanu abwera kudzakuonani."

Ammi anatafuna misozi ikutsikira m'ndevu. Inenso ndinalira, sindibisa, ngakhale ndinanamizira utsi wa makala.

Chitsime chinang'ambikadi chaka chotsatira, ndipo Khalti analengeza mpaka kumsika kuti ananena. Koma Moncef wanga tsopano ndi mmisiri womanga nyumba. Mvula ikamayandikira amanyamula simenti n'kukamata ming'aluyo, osatumidwa ndi munthu. Ammi amakhala pamthunzi n'kumamulozera pomata, ndipo Moncef amangoyankha kuti, "Chabwino, bambo."